Nyumba ya Mandala ku Blantyre

Munthu aliyense amene anakulira m'mapiri a ku Tsangano, kapena amene anafikako ku Furancungo tsiku la msika atasenza nyemba kapena fodya, adziwa maonekedwe a sitolo zakale zimene akuluakulu amazitcha makantina: khoma lochindikala lopakidwa njereza, khonde lalitali pamene telala amapalasa makina ake, chitseko cholemera cha matabwa, ndi chipinda chakuseri m'mene mwini sitolo ankagona pamodzi ndi katundu wake. Zina mwa nyumbazi zikugulitsabe mchere ndi sopo kufikira lero, zina zinasasuka madenga m'zaka za nkhondo ndipo zatsala mabwinja omera chisoso. Koma zonse, zoimirira ndi zakugwa zomwe, zinamangidwa ndi nzeru imodzi, ndipo iye amene afuna kuimvetsa nzeruyo achita bwino kutsagana nafe ku Blantyre, kumene mbatata ya kachewere ya ku Tsangano imapita pa malole, kuti tikaone nyumba ya malonda imene iposa zinzake zonse za m'Malawi pa ukalamba. Dzina lake ndi Mandala, ndipo inamangidwa m'chaka cha 1882.

Dzina lochokera pa maso a munthu

David Livingstone atamwalira kwa Chitambo mu 1873, mbiri yake inagwira mitima ya anthu ambiri kwawo ku Scotland, kotero kuti mu 1878 amuna ena achuma a mu mzinda wa Glasgow anasonkha ndalama nakhazikitsa kampani yoti izitumikira mamishoni atsopano a ku Nyanja ya Malawi ndi kugulana ndi eni dziko. Kampani ndiyo gulu la anthu amene aphatikiza chuma chawo kuti agwire malonda amene munthu mmodzi sangawathe, pakuti mutu umodzi susenza denga, ndipo phindu likapezeka amagawana monga mwa zimene yense anasonkha. Poyamba inatchedwa Livingstonia Central Africa Company, pambuyo pake African Lakes Company, ndipo potsiriza African Lakes Corporation. Koma maina onsewa anali olemera pa lilime la makolo athu, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene linamera mizu.

Oyang'anira oyamba anali anyamata awiri apachibale ochokera ku Edinburgh, John Moir ndi mng'ono wake Frederick. John ankavala magalasi a m'maso, amene m'chinenero chathu atchedwa mandala, ndipo anthu poona kunyezimira kwa pankhope pake anamutcha Mandala. Dzinali linachoka pa munthu nilowa pa nyumba imene iye ankakhalamo, linachoka pa nyumba nilowa pa kampani yonse, linafalikira ku sitolo zake zonse kuyambira kumunsi kwa Shire kufikira ku Karonga, ndipo lero dera lonse la mzinda wa Blantyre lozungulira nyumbayo likutchedwa Mandala. Kwa ine ichi n'chinthu chokondweretsa, kuti alendo anadza ndi chuma, sitima ndi zikalata zawo, koma dzina limene lakhalitsa ndilo lija anapereka anthu wamba amene anangoyang'ana mlendo m'maso.

Chifukwa chake inamangidwa pamenepo

Wina angafunse kuti, popeza mzinda wa Tete unali wakale ndi zaka mazana, wodziwika ndi malonda a golide ndi minyanga, nanga amalonda a ku Scotland analekeranji kukhala pa Zambezi? Yankho lili m'miyala ya mumtsinje. Livingstone potsika ndi Zambezi anafika ku Tete mu 1856 ali ndi chikhulupiriro chakuti mtsinjewo udzakhala mseu waukulu wa sitima wolowa pakati pa Africa. Koma atabwerera mu 1858 ndi sitima ya pamadzi anapeza mathithi a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa, atatseka njira kotheratu. Pamenepo anatembenukira ku mtsinje wa Shire, ndipo mu 1859 anafika ku nyanja.

Komatu Shire nayenso ali ndi mathithi ake pakati pa ulendo, motero sitima yochokera kumunsi inkaima kwa Katunga, katundu yense n'kutsitsidwa, n'kukwera mapiri pamitu ya anthu kukafika ku Matope, kumene sitima ina inkamulandira kunka naye ku nyanja. Pakati pa madooko awiriwa, pamtunda pozizira pozingidwa ndi mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru, m'dziko la mfumu Kapeni, a mpingo wa Church of Scotland anali atamanga kale mishoni mu 1876, naitcha Blantyre potengera mudzi umene Livingstone anabadwira. Katundu yense wokwera ndi wotsika anayenera kugona pamenepo, ndipo pamene pagona katundu payenera nkhokwe ndi mlonda wake. Momwemo abale awiriwo anasankha malo kamtunda pang'ono ndi mishoni, namangapo likulu la kampani.

Kamangidwe kake

Tsono tilingalire za mmisiri wa m'chaka cha 1882. Njanji kunalibe, fakitale ya simenti kunalibe, ndipo msomali uliwonse, loko aliyense ndi galasi lililonse la pazenera zinayenera kuoloka nyanja yamchere kufika ku Quelimane, kukwera m'mabwato, kusenzedwa kukafika ku Zambezi, kulowa m'sitima, ndi kusenzedwanso kukwera mapiri, mwakuti chinthu chotsika mtengo ku Glasgow chinkafika ku Blantyre chitasanduka chuma. Chimene chinalipo chochuluka ndi chaulere ndilo dothi, udzu ndi mitengo. Chifukwa chake makoma a Mandala anamangidwa ndi zidina, ndiko kuti njerwa zoumbidwa m'chikombole ndi kuumitsidwa padzuwa osaziotcha, zonga zomwezo zimene mabanja a ku Ntengo-wa-Mbalame ndi ku Chidzolomondo amaumba m'chilimwe kufikira lero, ndipo udzu unkasakanizidwa m'matope kuti chidina chisang'aluke pouma.

Chimene chinadabwitsa anthu a nthawiyo n'chakuti nyumbayi inali yosanja, nyumba pamwamba pa nyumba inzake, yoyamba ya mtundu wotere m'dziko lonselo. Amene anamangapo ndi zidina adziwa kuti dothi louma lili ndi mphamvu yosenza katundu wolitsendereza kuchokera pamwamba, koma silipirira kukankhidwa cham'mbali. Motero kuti khoma lapansi linyamule mitanda, matabwa oyala pansi pa zipinda zam'mwamba, khoma lachiwiri ndi denga, liyenera kukhala lochindikala koposa la nyumba wamba ndi loongoka bwino lomwe, pakuti likangopendekeka pang'ono kulemera komwe kunalilimbitsa ndiko kudzaligwetsa. Kuchindikalako kuli ndi mphatso inanso: dzuwa la mu Okutobala limatha tsiku lonse likuyesa kuboola khoma lotere, ndipo pamene kutentha kufika mkati dzuwa lalowa kale, mwakuti masana m'nyumba mumazizira ndipo usiku wa mu Juni mumafunda.

Koma chidina chili ndi mdani amene sichingalimbane naye, ndiye madzi. Mvula ikamenya khoma la dothi chaka ndi chaka imalinyambita kufikira litabwerera kunthaka kumene linachokera, ndipo chinyontho chokwera kuchokera pansi chimalidya m'mapazi. Apa m'pamene pali chinsinsi cha ukalamba wa Mandala, ndipo owerenga achisunge: nyumbayi yazingidwa ndi khonde lalikulu, denga lake latambalala kupitirira makoma natsamira pa nsanamira, kotero kuti mvula, ingakhale yamkuntho, imagwa patali ndi zidina. Khonde ndilo chipewa cha khoma. Azungu a ku Britain anazolowera kumanga motere m'dziko lotentha la India, ndipo Apwitikizi ndi amalonda a ku Goa ankamanganso chimodzimodzi m'mbali mwa Zambezi. Koma tisaiwale kuti agogo athu, osaona India, ankatulutsa kale phaso kupitirira chipupa ndi kulichirikiza ndi nsanamira, pa chifukwa chomwecho. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma pa nkhani ya khonde mlendo anapeza lumo likumeta kale.

Nanga kusanjako kunali kwa chiyani, malo ali mbwee? China chinali mantha a malungo. M'masiku amenewo asing'anga achizungu anali asanadziwe kuti udzudzu ndiwo umafalitsa nthendayi, chinthu chimene Ronald Ross anachitsimikiza mu 1897. Iwo ankayesa kuti malungo amadza ndi mpweya woipa wotuluka m'madambo usiku, ndipo ankakhulupirira kuti wogona pamwamba, pomwe mphepo ipita, apulumuka. China chinali maso: woimirira pakhonde lam'mwamba ankaona bwalo lonse la katundu, ankaona amtengatenga akutulukira patali, ankaonanso ngati kukudza nkhondo. Ndipo sitingabise kuti china chinali ulemerero, pakuti nyumba yaitali imalankhula kwa mfumu ndi kwa wamalonda mnzako usanatsegule pakamwa.

Mabuku amati a Moir anamanga Mandala, monga timanenera kuti mfumu yalima munda. Koma manja amene anaponda matope, kuumba zidina, kucheka matabwa ndi kukweza mitanda anali a anthu a m'midzi yozungulira, m'dziko la Ayao ndi Amang'anja. Luso limene anthu a kumeneko anaphunzira m'zaka zimenezo linaonekera poyera posachedwa, pamene pakati pa 1888 ndi 1891, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni, tsopano ndi njerwa zootcha, chimene alendo amachigomera kufikira lero lino.

Nyumba isanduka linga

Anthu a ku Macanga, kumene kuli Furancungo, safuna kuuzidwa kuti linga n'chiyani, pakuti dziko lawo linalamulidwa zaka zambiri ndi banja la Caetano Pereira, lochokera ku Goa, limene linkakhala m'malinga pamodzi ndi ankhondo awo Achikunda, likugula minyanga ndi golide, kufikira Chinsinga, wa m'banjalo, anagonjetsedwa ndi Apwitikizi mu 1902. M'nthawi imeneyo wamalonda wopanda mpanda anali ngati nkhokwe yopanda denga, ndipo a Moir, angakhale anadza m'dzina la mtendere, anatchinga bwalo la Mandala kuti likhale pothawira.

Chaka cha 1884 chinaonetsa kuti sanalakwe. Kumayambiriro kwa chakacho mzungu wina dzina lake George Fenwick, amene kale anagwirapo ntchito ku mishoni ndi ku kampani, anawombera Chipatula, imodzi mwa mafumu a Amakololo a kumunsi kwa Shire. Anthu a mfumuyo anabwezera pomupha Fenwick, namiza sitima ya kampani yotchedwa Lady Nyassa, natseka mtsinje, kotero kuti a ku Blantyre anakhala ngati nsomba za m'thamanda louma. Chaka chomwecho Angoni a Chikuse, amene likulu lawo linali kufupi ndi phiri la Domwe ku Angónia, anaoloka Shire nathira nkhondo midzi ya m'mapiri a Blantyre, ndipo anthu ambiri anathawira kumapiri, ena ku mishoni, ena ku Mandala. Owerenga a ku Tsangano aone tsono kuti mbiri ya nyumbayi si yachilendo kwa iwo: ena mwa ankhondo amene makoma aja anawaopa anali ochokera m'zitunda zomwezi zimene lero tikulimamo tirigu ndi mbatata.

Nsalu, minyanga ndi mitu ya anthu

Ndalama zachitsulo zinali zisanafale, choncho ndalama ya pa Mandala inali nsalu, yoyezedwa ndi mikono ndi mikwamba, pamodzi ndi mikanda ndi waya wamkuwa. Wantchito ankalipidwa nsalu, nkhuku inkagulidwa ndi nsalu, ndipo mfumu inkalonjeredwa ndi nsalu. Chotuluka m'dziko chimene chikanatha kulipira ulendo wautali wa ku Quelimane chinali chimodzi chokha, ndiyo minyanga ya njovu.

Apa m'pamene pali chilema cha mbiri ya kampaniyi, ndipo sitichitira ulemu nyumba yakale poibisira zipsera. Eni ake ankanena kuti malonda oyera adzathetsa malonda a akapolo; koma minyanga yambiri inali m'manja mwa amalonda a Chiswahili ndi Chiyao, omwewo amene ankagulanso anthu, ndipo kampani pogula minyanga kwa iwo inkawonjezera mphamvu m'dzanja limene inati idzalithyola. Ubwenzi wotere sukhalitsa. Mu 1887 kunabuka nkhondo ku Karonga pakati pa kampani ndi Mlozi, mmodzi wa amalonda a Chiswahili aja, m'mene John ndi Frederick onse awiri anavulazidwa ndi zipolopolo, ndipo nkhaniyo inatha mu 1895 pamene asilikali a boma la Britain anagwira Mlozi namupachika. Kampani inadzitengeranso malo aakulu kumpoto kwa dziko ndi mapangano amene mafumu anadindapo chala pa mawu olembedwa m'chinenero chimene sankachiwerenga.

Ndipo tisapite osatchula amtengatenga. Chilichonse cholowa ndi chotuluka pa chipata cha Mandala chinayenda pamutu pa munthu, mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25, kukwera chitunda chochokera kwa Katunga m'dzuwa la kuchigwa. Ngakhale sitima za panyanja zinadza zidutswazidutswa pamitu ndi pamapewa, n'kukalumikizidwa kumtunda kwa mathithi. Ena mwa oyamba kulembedwa ntchito anali Atonga a ku Bandawe, amene ankatsika ndi sitima kudzagwira miyezi ingapo nabwerera kwawo ndi nsalu, ndipo m'menemo munayambira chizolowezi cha amuna kusiya mudzi kukafuna chuma kutali, chimene pambuyo pake chinawafikitsa ku Salisbury ndi ku migodi ya Johannesburg. Ndikaima pakhonde lija, mtima wanga umapita kwa anthu amenewa koposa kwa eni nyumba.

Malire amene anatigawa

Apwitikizi, amene anakhala pa Zambezi zaka mazana, ankayesa mapiri a Shire kuti ndi awo, ndipo mu 1889 mnzawo Serpa Pinto anakwera mtsinje wa Shire ndi asilikali, namenyana ndi Amakololo. Koma a ku Britain anati anthu awo akhala kale m'dzikomo, natchula mishoni, minda, sitima ndi nyumba za kampani. Ndipo mu Januwale 1890 boma la ku London linalamula Portugal kuti ichotse asilikali ake, apo ayi kukhala nkhondo. Pangano la mu Juni 1891 linalemba malire, ndipo kuno kwathu malirewo anatsata msana wa zitunda pamene madzi amagawikana, ena kunka ku nyanja ndi ku Shire, ena ku Zambezi. N'chifukwa chake lero kuli Tsangano wa ku Tete ndi Tsangano wa ku Ntcheu, n'chifukwa chake pa Lizulu munthu amagula kabichi ku Mozambique n'kukwera basi ku Malawi pongodumpha mseu, ndipo ana a mbumba imodzi ena amaphunzira Chipwitikizi, ena Chingerezi. Nyumba ya zidina ya ku Blantyre inali imodzi mwa mboni zimene zinaimikidwa pa mlandu umenewo, mlandu umene eni dziko sanaitanidweko.

Zaka zotsatira zinasintha ntchito ya kampani. Njanji inafika ku Blantyre mu 1908, mlatho wa Dona Ana unaoloka Zambezi ku Mutarara mu 1935, ndipo sitima za mumtsinje ndi mitolo ya pamutu zinatha ntchito. Mandala inasanduka mwini wa masitolo ambiri m'maboma ndi wogulitsa magalimoto, ikupikisana ndi amwenye amene anatsegula sitolo zawo zamakonde m'mbali mwa misewu, monga momwe kutsidya kuno makantina anachulukira pansi pa ulamuliro wa Apwitikizi.

Mandala lero

Mzinda unakula nuzinga nyumbayo ndi misewu, magalaja ndi maofesi, koma iyo ikali chiimire pakati pa mitengo yake, ndipo boma la Malawi linaiika m'gulu la zipilala za fuko, ndiko kuti malo otetezedwa ndi lamulo, amene munthu saloledwa kuwagumula kapena kuwasintha mwa kufuna kwake. M'zipinda zapansi mumaonetsedwa ndi kugulitsidwa zojambula ndi zosema za amisiri, pabwalo alendo amamwa khofi, ndipo m'mwamba muli nkhokwe ya mabuku, mapu ndi zithunzi zakale ya bungwe la Society of Malawi, limene linayamba mu 1946 ndi dzina lakuti Nyasaland Society. Akuluakulu anati chiswe chimalowa m'mphasa yongoimika. Mandala yapulumuka chifukwa sinaimikidwe, pakuti nyumba imene anthu akuigwiritsa ntchito, denga likadontha pamapezeka woona ndi wokonza.

Makantina athu a ku Furancungo ndi ku Tsangano alibe lamulo lowatchinjiriza lotere m'maso mwa anthu ambiri, ndipo eni ake ambiri atachoka pa nthawi ya ufulu mu 1975, nkhondo imene inatha mu 1992 inawonongeratu ena, anthu ali ku Ntcheu ndi ku Dedza kothawira. Komabe pamakonde amenewo m'pamene agogo athu anagulitsira chimanga chawo choyamba, pamene anayezeredwa nsalu ya ukwati, pamenenso ena anaberedwa pa sikelo nabwerera kwawo akudandaula. Zokoma ndi zowawa zomwe ndi mbiri yathu. Inu aphunzitsi ndi ana a sukulu a m'maboma awiriwa, pitani kwa okalamba akali moyo, muwafunse kuti sitolo yakutiyakuti anaimanga ndani, m'chaka chiti, ndipo amisiri ake anali a m'mudzi uti, mulembe mayankho awo m'kope. Ndipo inu eni nyumba zotere, musanaganize za utoto kapena chikwangwani chatsopano, yambani mwakhoma lata limene likudontha pamwamba pa khoma, mvula ya chaka chino isanagwe.